Kuphunzitsa NEdit zizindikiro ziwiri zatsopano, .= ndi ?=

NEdit ndi pulogalamu yolembera ndi kusinthira mafayilo a mawu pa kompyuta, ndipo ili ndi chilankhulo chake cholembera ma macro, timapulogalamu tating'ono toichititsa ntchito yokha. Aliyense amene walembapo macro ya NEdit yosonkhanitsa mndandanda wautali amaudziwa mzere uwu:

    mndandanda = mndandanda dzina " - " tawuni "\n"

Dzina la variable, malo osungira mawu kapena nambala, mwalilemba kawiri, kumanzere ndi kumanja. Pa manambala chilankhulochi chili kale ndi njira zachidule: `+=`, `-=`, `*=`, `/=`, `%=`, `&=` ndi `|=`. Pa mawu palibe. NEdit imalumikiza mawu pongowaika moyandikana, monga imachitira awk, ndiye palibe chizindikiro choti n'kuchiphatikiza ndi `=`.

Kuno ku Joni ndimathandiza abale ena akwathu amene amatumiza katundu kumudzi: mafiriji, njinga, matumba a zovala, mabokosi a sopo ndi mafuta ophikira, zodutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa Mwanza kapena Dedza. Mayina a otumiza, olandira ndi matawuni awo timawalemba m'fayilo wamba pa laputopu yakale ya Linux, kenako macro n'kuwasanja tawuni ndi tawuni kuti adalaivala anyamule pepala limodzi. M'ma macro amenewa, mzere uli pamwambawu umabwera mobwerezabwereza, ndipo ukafika pa array, variable yosunga zinthu zambiri chilichonse pa kiyi yake, umatalika mpaka munthu kusiya kuona bwino zimene walemba. Kulakwitsa chilembo chimodzi kumanja n'kokwanira kuti katundu wa ku Mzuzu alembedwe pansi pa Zomba.

Malangizowa akuonetsani mmene mungawonjezere zizindikiro ziwiri m'chilankhulocho. Choyamba ndi `.=`, chophatikiza mawu kumapeto kwa zimene variable yasunga kale, monga zilili mu Perl, PHP ndi Vim script. Chachiwiri ndi `?=`, choika chinthu mu variable pokhapokha ngati ilibe kanthu, monga zilili mu GNU make. Ndasankha ziwirizi dala. Choyamba chimathera m'gawo lowerenga kalembedwe ka chilankhulocho basi, osakhudza interpreter, gawo limene limayendetsa macro. Chachiwiri chimafuna kuti mutsike pansi ndithu. Mukazichita zonse ziwiri mudziwa kusiyanitsa ntchito ya mphindi zochepa ndi ntchito yofunika kuiganizira musanaiyambe.

Yambani mwakompayila pulogalamu musanasinthe kalikonse

NEdit inalembedwa ndi Mark Edel ku Fermilab ku America, ndipo masiku ano imagawidwa pansi pa laisensi ya GPL, choncho muli ndi ufulu wousintha code wake. Apa tikugwiritsa ntchito NEdit 5.7 ya mu 2017, imene imapezeka pa SourceForge. Inalembedwa mu C, ndipo maonekedwe ake amadalira Motif. Pa Debian kapena Ubuntu ikani izi:

    sudo apt install build-essential bison libmotif-dev libxt-dev git

Masulani code, lowani mu foda yake, ndipo musanatsegule fayilo iliyonse chitani izi:

    git init
    git add .
    git commit -m "NEdit 5.7 yosasinthidwa"
    make linux

Pulogalamu ikatuluka imakhala pa `source/nedit`. Itseguleni, lembani mawu awiri atatu, itsekeni. Ngati yakana kukompayila pano, konzani vutolo pano, chifukwa mukalisiya mudzaganiza kuti labwera ndi zosintha zanu. Za git musazione ngati mwambo chabe: magetsi akathima muli pakati pa kusintha mafayilo atatu, `git diff` ndi imene imakuuzani pamene munasiyira.

Tsopano tsegulani `source/Makefile.common` mupeze lamulo lopangira `parse.c`. Liwerengeni mofatsa. Limayesa bison, pulogalamu yosandutsa galamala ya mu `parse.y` kukhala code ya C, ikakanika limayesa yacc, imene imachita ntchito yomweyo, zonse zikakanika limangokopera `parse_noyacc.c`, amene ndi parser (gawo lowerenga ndi kuzindikira ziganizo za macro) yopangidwa kale, n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Kwa munthu wongofuna NEdit zimenezi n'zothandiza. Kwa inu ndi msampha: bison ikasowa, kapena mukalemba cholakwika mu `parse.y`, `make` imatha bwinobwino, pulogalamu imatseguka, koma zosintha zanu mulibemo. Ndiye chizolowezi chanu chikhale choyendetsa bison nokha musanayendetse `make`:

    cd source
    bison -v -o parse.c parse.y

Ngati bison yanenapo za conflict, malo amene malamulo a galamala akupikisana, lembani nambala yake penapake. Ndi muyeso wanu. Mukamaliza kusintha, nambalayo isakwere.

Njira imene mzere wa macro umayenda

Mafayilo ofunika ndi atatu okha. Mu `parse.y` muli zinthu ziwiri: kumunsi kuli lexer, function yotchedwa `yylex`, imene imawerenga zilembo n'kuzidula kukhala ma token, kumtunda kuli galamala, yolembedwa m'kalembedwe ka yacc, chida chimene Stephen Johnson anapanga ku Bell Labs m'ma 1970. Galamala ikazindikira chiganizo siichita ntchitoyo pomwepo. Imalemba malangizo ang'onoang'ono, monga `OP_PUSH_SYM`, `OP_ADD` ndi `OP_ASSIGN`, m'ndandanda. Mayina a malangizowa ali mu `interpret.h`, ndipo ma function owachita ali mu `interpret.c`.

Malangizowa amagwira ntchito pa stack. Ganizirani matumba osanjikizana kumbuyo kwa thiraki: lomaliza kukwezedwa ndi limene limayamba kutsitsidwa. Mzere wa `x += 5` umasanduka malangizo anayi: kwezani zimene zili mu `x`, kwezani 5, tsitsani ziwirizo muziphatikize n'kukweza yankho, tsitsani yankho muliike mu `x`. Fufuzani `ADDEQ` mu `parse.y` muone ndi maso anu:

    | evalsym ADDEQ expr {
        ADD_OP(OP_ADD); ADD_OP(OP_ASSIGN); ADD_SYM($1);
    }

Lamulo la `evalsym` ndi limene limakweza zakale za variable. `expr` imakweza za kumanja. Zotsalazo mukuziona. Ndipo popeza kulumikiza mawu kuli kale ndi langizo lake, `OP_CONCAT`, ntchito ya `.=` ndi kungotenga lamulo lomweli n'kusintha dzina limodzi.

Kusankha chizindikiro

Apa ndi pamene ndikufuna mukhalitse, chifukwa code yake ndi yochepa koma chisankho cholakwika chimakutsatirani kwa zaka.

Funso loyamba: kodi zilembo zimene mukufunazo zili ndi tanthauzo kale m'macro yolondola? Ngati zilipo, mukuphwanya ntchito za ena. Kadontho n'komasuka mu NEdit. Manambala ake ndi athunthu okhaokha, ndiye kulibe 3.5 woti asokonezeke ndi `.=`, ndipo kadontho sikagwira ntchito ina iliyonse kunja kwa mawu otsekeredwa ndi `"`. Chizindikiro cha funso nachonso n'chomasuka, chifukwa chilankhulochi chilibe `a ? b : c` ya mu C. Macro iliyonse imene inali ndi `.=` kapena `?=` inkakanidwa kale, choncho palibe macro yakale imene isinthe khalidwe.

Ena amafunsa kuti bwanji osangolola `+=` kulumikiza mawu monga mu JavaScript kapena Python. Musatero. Mu NEdit mawu ooneka ngati nambala amasanduka nambala okha pamene masamu akufunika. Macro yathu ikawerenga "12" m'fayilo n'kuchita `kulemera += gawo`, tikuyembekezera kuti 12 ndi 5 apereke 17. Mukasintha tanthauzo la `+=` pa mawu, yankho lidzakhala 125, ndipo sipadzatuluka uthenga wa cholakwika. Wotumiza katundu adzangolipiritsidwa makilo amene sanatumize. Pa ma array `+` ali kale ndi ntchito yakeyake yophatikiza ma array awiri, ndiye chizindikirocho chalemedwa kale.

Palinso amene amalakalaka `a, b = b, a` ya mu Python. N'chokongola, koma chizindikiro cha `,` chagwidwa kale mkati mwa `for`, mmene `i = 0, j = 1` ndi ziganizo ziwiri zosiyana. Mukailowetsa mulimbana ndi ma conflict enieni. Isakhale ntchito yanu yoyamba.

Gawo la lexer

Pitani kumapeto kwa `yylex`, pamene pali `switch` yoona zilembo ziwiri zotsatizana. Mupeza mizere yonga iyi:

    case '/':   return follow('=', DIVEQ, '/');
    case '%':   return follow('=', MODEQ, '%');

Function ya `follow` imasuzumira chilembo chotsatira. Chikakhala chimene ikuyembekezera imachidya n'kubweza token yoyamba. Chikapanda kutero imachisiya n'kubweza yachiwiri. Onjezani mizere iwiri pansi pake:

    case '.':   return follow('=', CONCATEQ, '.');
    case '?':   return follow('=', DEFEQ, '?');

Kadontho kokha kabwererabe ngati kadontho, galamala n'kukakana monga kale. Simufunika kuda nkhawa ndi `.=` wopezeka mkati mwa mawu kapena mu comment, chifukwa lexer imakhala itathana nazo zimenezo isanafike pa `switch` imeneyi.

Kenako kwerani pamwamba pa fayilo, pamzere umene ukutchula `'='` pamodzi ndi `ADDEQ`, ndipo onjezani mayina awiriwo kumapeto:

    %right '=' ADDEQ SUBEQ MULEQ DIVEQ MODEQ ANDEQ OREQ CONCATEQ DEFEQ

Mzere umenewu umadziwitsa bison za ma token atsopanowo ndiponso umawaika pa msinkhu umodzi ndi anzawo. Onani kuti `CONCAT` ilipo kale pamzere wotsatira; ndi dzina la msinkhu wa kulumikiza, si token yanu, musaisokoneze ndi `CONCATEQ`.

Galamala ya .=

Mu lamulo la `simpstmt`, pansi pa la `OREQ`, onjezani:

    | evalsym CONCATEQ expr {
        ADD_OP(OP_CONCAT); ADD_OP(OP_ASSIGN); ADD_SYM($1);
    }

Popeza kumanja kuli `expr` yathunthu, `s .= dzina " - " tawuni` imayamba yalumikiza zonse za kumanja kenako n'kuziphatika ku `s`. Dongosolo likuyenda bwino lokha: zakale zinakwezedwa poyamba, zatsopano pambuyo, ndipo `concat` imatsitsa zatsopano kenako zakale n'kuzilemba zakale kutsogolo.

Anthu ambiri amalekera pomwepa, n'kudabwa `katundu[tawuni] .= dzina` ikakanidwa. Ma array ali ndi malamulo awoawo mu `simpstmt` momwemo. Pezani la `ADDEQ` limene likuyamba ndi `initarraylv`, likopereni lonse, musinthe mayina awiri:

    | initarraylv '[' arglist ']' CONCATEQ expr {
        ADD_OP(OP_ARRAY_REF_ASSIGN_SETUP); ADD_IMMED(1); ADD_IMMED($3);
        ADD_OP(OP_CONCAT);
        ADD_OP(OP_ARRAY_ASSIGN); ADD_IMMED($3);
    }

Koperani kuchokera m'fayilo yanu, osati pano. Ngati `ADD_IMMED` yalembedwa mosiyanako pang'ono kwanuko, tsatirani ya kwanu.

Langizo la `OP_ARRAY_REF_ASSIGN_SETUP` ndi loyenera kulimvetsa. Likamafika, pa stack pali array, makiyi ake, ndi za kumanja pamwamba penipeni. Nambala 1 ikuliuza kuti pamwambapo pali chinthu choti lichichotse kaye. Limachichotsa, limafufuza zakale za pa kiyiyo popanda kutaya makiyi, limakweza zakalezo, kenako n'kubwezera za kumanja pamwamba. Motero `OP_CONCAT` imapeza zinthu zili m'dongosolo loyenera, ndipo makiyi akadalipo kudikira `OP_ARRAY_ASSIGN`. Phindu lake lina n'lakuti kiyi imawerengedwa kamodzi kokha. Ngati kiyiyo ikuchokera ku function, functionyo siitanidwa kawiri monga zimakhalira mu `k[f()] = k[f()] "x"`.

Yendetsani bison, yerekezani nambala ya ma conflict ndi ija munalemba, bwererani ku foda yapamwamba, `make linux`. Pa `DEFEQ` bison sidandaula ngakhale simunaigwiritsebe ntchito m'lamulo lililonse.

Kuyesa

Musayesere pa zokonda zanu zenizeni. NEdit imawerenga `nedit.rc` ndi `autoload.nm` kuchokera mu `~/.nedit`, koma mukaika `NEDIT_HOME` imapita kumene mwailozera:

    mkdir ~/nedit-yoyesera
    NEDIT_HOME=~/nedit-yoyesera ./source/nedit

Itsegulireni pa terminal, chifukwa `t_print` imalemba kumeneko. Sungani izi mu `yesa.nm`, kenako mu menyu ya File sankhani Load Macro File:

    s = "Katundu: "
    s .= "firiji" ", " "njinga"
    t_print(s "\n")

    n = 12
    n .= 5
    t_print(n + 1 "\n")

    k["Mzuzu"] = ""
    k["Mzuzu"] .= "matumba 3"
    k["Mzuzu"] .= ", bokosi 1"
    t_print(k["Mzuzu"] "\n")

    t = ""
    for (i = 0; i < 3; t .= "*")
        i++
    t_print(t "\n")

Muyenera kuona `Katundu: firiji, njinga`, kenako 126, kenako `matumba 3, bokosi 1`, kenako nyenyezi zitatu. Nambala 126 ikutsimikizira zinthu ziwiri: 12 ndi 5 zinalumikizidwa ngati mawu, ndipo "125" anabwereranso kukhala nambala pamene `+` anamufuna.

Yesaninso zimene ziyenera kukanidwa, chimodzi chimodzi, chifukwa macro imaima pa cholakwika choyamba. `z .= "a"` pamene `z` sinapatsidwepo kanthu iyenera kunena kuti variable not set. `k["Zomba"] .= "a"` pamene kiyiyo kulibe iyenera kudandaula kuti chinthucho mu array mulibe. `$cursor .= "a"` iyenera kukanidwa chifukwa variable imeneyo ndi yongowerenga. Mauthenga onsewa mwawapeza mwaulere pogwiritsa ntchito malangizo amene analipo kale.

Mwina mungakopeke kuti variable yopanda kanthu muziiona ngati mawu opanda chilembo, monga imachitira Perl. Ine ndikukana. Kukanidwa kumeneku n'kumene kumagwira dzina lolembedwa molakwika. Munthu akalemba `mndandada .= dzina`, ndi bwino macro iime n'kunena, kusiyana n'kuti itsegule variable yachilendo mwakachetechete pepala la adalaivala n'kutuluka losowa mayina. Pa array, lembani `if (!(tawuni in k))` n'kuyambitsa kiyiyo nokha.

Chitani commit musanapitirire.

Chachiwiri: ?=

Ma variable oyamba ndi `$` amakhalabe ndi zimene asunga ngakhale macro itatha, mpaka mutatseka NEdit. N'zothandiza pa zinthu monga nambala ya risiti kapena dzina la galimoto imene ikunyamula lero. Vuto n'lakuti palibe njira yofunsira ngati variable yotero yapatsidwa kale kanthu. Mukangoiwerenga ili yopanda kanthu, macro imafa. Njira yozolowereka ndi kuiyambitsa mu `autoload.nm`, kutali ndi macro imene ikuigwiritsa ntchito, ndipo mukapatsa mnzanu macroyo n'kuiwala mzere umenewo, kwa iye siigwira. Tikufuna kulemba chonchi:

    $risiti ?= 1
    $galimoto ?= string_dialog("Katunduyu akwera galimoto iti?", "OK")

Mzere wachiwiriwu ukutiuza chinthu chofunika pa kapangidwe. Bokosi lofunsa liyenera kutuluka kamodzi kokha. Ngati variable ili kale ndi kanthu, za kumanja zisayendetsedwe n'komwe. Ndiye sitingakweze za kumanja kaye n'kusankha pambuyo; tiyenera kufunsa poyamba, n'kudumpha malangizo onse a kumanja yankho likakhala lakuti ilipo. Ndipo `evalsym` sitingaigwiritse ntchito, chifukwa `OP_PUSH_SYM` ndi imene imafa pa variable yopanda kanthu. Pakufunika langizo latsopano.

Mu `interpret.h` pezani `enum operations` ndipo onjezani `OP_SYM_IS_SET` kumapeto kwa malangizo. Yang'anani `N_OPS`: ngati ndi nambala yolembedwa pamanja, ikwezeni ndi 1. Mu `interpret.c` muli array ya `OpFns` imene ikutchula ma function motsatira dongosolo la enum ija ndendende. Onjezani `symIsSet` kumapeto. Musailowetse pakati, chifukwa mindandanda iwiriyi imagwirizana ndi malo okha, ndipo ikasiyana ndi malo amodzi compiler sinena kanthu. `OP_ADD` idzangoyamba kuchita ntchito ya mnzake. Lembani prototype pamwamba pamodzi ndi anzake, kenako function yeniyeni pafupi ndi `assign`:

    static int symIsSet(void)
    {
        Symbol *sym;
        int isSet;

        sym = PC->sym;
        PC++;

        if (sym->type == LOCAL_SYM)
            isSet = FP_GET_SYM_VAL(FrameP, sym).tag != NO_TAG;
        else if (sym->type == GLOBAL_SYM)
            isSet = sym->value.tag != NO_TAG;
        else
            return execError("assignment to non-variable: %s", sym->name);

        PUSH_INT(isSet)
        return STAT_OK;
    }

Werengani `assign` pambali pake muone kuti mizere yoyamba ndi yofanana. `PC` ndi chala cholozera langizo lotsatira. Function imawerenga symbol imene galamala inalemba pambuyo pa langizo, n'kusuntha chalacho. Mukaiwala `PC++`, interpreter idzayesa kuyendetsa symbol ngati langizo ndipo NEdit idzagwa. Variable ya m'kati mwa function imakhala pa stack, n'chifukwa chake tikuifikira kudzera mu `FrameP`; ya `$` imakhala mu symbol momwemo. Zonse zimayamba ndi `NO_TAG`, ndipo chimenecho ndi chimene tikufunsa. Zina zonse, monga `$1` kapena `$cursor`, tikuzikana msanga. Tikanapanda kutero, `$cursor ?= 0` ikanangodutsa osachita kanthu, wolembayo n'kumaganiza kuti zatheka.

Zindikirani kuti variable yosunga mawu opanda chilembo, kapena 0, ili ndi kanthu. Munthu akadina OK m'bokosi lija osalemba dzina la galimoto, `$galimoto` yapatsidwa basi ndipo safunsidwanso. Ngati simukufuna zimenezo, konzani mu macro, osati mu interpreter.

Tsopano galamala. Lamulo ili lili ndi code pakati, isanafike `expr`:

    | SYMBOL DEFEQ {
        ADD_OP(OP_SYM_IS_SET); ADD_SYM($1);
        ADD_OP(OP_BRANCH_TRUE); $<inst>$ = GetPC(); ADD_BR_OFF(0);
    } expr {
        ADD_OP(OP_ASSIGN); ADD_SYM($1);
        SET_BR_OFF($<inst>3, GetPC());
    }

Pamene tikulemba langizo lodumpha sitikudziwa kutalika kwa malangizo a `expr`, chifukwa sanalembedwe. Ndiye timasiya malo opanda kanthu ndi `ADD_BR_OFF(0)`, n'kusunga adiresi ya malowo. `expr` ndi `OP_ASSIGN` zikalembedwa, `SET_BR_OFF` imabwerera kukadzaza malo aja ndi mtunda weniweni. Ndi njira yomweyo imene `if` imagwiritsa ntchito. Onani lamulo la `cond` m'fayilo yomweyo. Code ya pakatiyo imawerengedwa ngati chinthu chachitatu m'lamulo, n'chifukwa chake tikulemba `$<inst>3`, ndipo `<inst>` ikuuza bison mtundu wa chimene tasunga popeza code ya pakati ilibe mtundu wakewake.

Code ya pakati pa lamulo ndi imene kawirikawiri imabala ma conflict, chifukwa imakakamiza parser kusankha msanga. Pano zimayenda chifukwa taiika pambuyo pa `DEFEQ`, pamene palibenso lamulo lina lopikisana nalo. Mukaiika pakati pa `SYMBOL` ndi `DEFEQ` parser iyenera kusankha isanalandire chizindikirocho m'manja, ndipo palibe chimene mwapindula. Bison ikanena kuti nambala yakwera, tsegulani `parse.output`, imene `-v` inalemba, mufufuze mawu oti conflict pamwamba pa fayilo, mupite pa state imene yatchulidwa. Musapitirire ndi conflict yatsopano poganiza kuti zayenda pa mayeso anu. Zimene yaphwanya zikhoza kukhala m'macro ya wina.

Popeza mwasintha `interpret.h`, chotsani ma `.o` onse mu `source` musanakompayilenso. Kenako yesani:

    define funsa {
        t_print("ndaitanidwa\n")
        return "Dedza"
    }

    $malire ?= funsa()
    $malire ?= funsa()
    t_print($malire "\n")

    a = 0
    a ?= 7
    t_print(a "\n")

    for (i = 0; i < 2; b ?= i)
        i++
    t_print(b "\n")

Mawu oti ndaitanidwa atuluke kamodzi, kenako Dedza, kenako 0, kenako 1. Mukaitsegulanso fayiloyo osatseka NEdit, ndaitanidwa asatulukenso. Mayeso a `for` ndi ofunika kuposa mmene akuonekera. Gawo lachitatu la `for` limalembedwa msanga koma liyenera kuyenda pambuyo pa thupi la loop, ndiye parser imasamutsa malangizo ake ndi `SwapCode`. Kudumpha kwathu kumapulumuka kusamukako chifukwa kumasunga mtunda, osati adiresi.

`k["Zomba"] ?= ""` ndaisiya dala. Ingafune langizo lina losunga makiyi pa stack n'kuwataya pamene tadumpha, chonsecho `in` ilipo kale ndipo imayankha funso lomwelo. Chizindikiro chatsopano chizibwera pamene chilankhulo chikulephera, kapena pamene mzere wakale umalakwitsa anthu.

Musanagawire anzanu

Lembani za zizindikirozi mu `doc/help.etx`, pagawo la chilankhulo cha macro pamene akutchula `+=`. Help ya mkati mwa pulogalamu imapangidwa kuchokera m'fayilo imeneyo ndi script ya `setext`, ndiye `help_data.h` musailembe pamanja. Ngati code mukupatsa munthu amene alibe bison, koperani `parse.c` yanu yatsopano pamwamba pa `parse_noyacc.c`, apo ayi adzagwa mumsampha uja tinayamba nawo.

Nkhani yaikulu ndi ya ma macro enieniwo. Kwathu kuno fayilo imayenda: yalembedwa ku Rosettenville kuno ku Joni, yatumizidwa pa WhatsApp kwa achimwene amene akulandira katundu ku Limbe, iwo n'kuitsegula pa NEdit yochokera mu apt. Kumeneko `.=` ndi syntax error. Ndipo simungaitchinjirize ndi `if`, chifukwa parser imakana mzerewo isanayendetse kalikonse ka m'chigawocho. Choncho ma macro ogwiritsa ntchito zizindikiro zatsopano asungeni m'fayilo yawoyawo, yokhala ndi comment pamzere woyamba yonena kuti ikufuna NEdit yosinthidwa, ndipo muziiitana ndi `load_macro_file` pa makompyuta okhawo amene ali nayo. Pulogalamu yanuyo ipatseni dzina lina, monga `nedit-kwathu`, muiike mu `~/bin`, isalowe m'malo mwa ya dongosolo. Zosintha zanu zitulutseni ndi `git format-patch` muzitumize pamodzi ndi ma macro, kuti achimwenewo athe kukompayila okha.

Ngati m'mindandanda yanu mumalemba Malaŵi ndi ŵ, NEdit 5.7 ikuvutitsani, chifukwa sidziwa UTF-8 ndipo chilembo chimenecho chimaoneka ngati zizindikiro ziwiri zachilendo. XNEdit, imene inaphuka kuchokera ku NEdit, inakonza zimenezo ndipo inasunga chilankhulo cha macro chomwechi. Tsegulani `source/parse.y` yake, fufuzani `ADDEQ` ndi `follow`, muike zosintha zomwezi pamanja m'malo modalira patch, ndipo muyendetsenso `yesa.nm` yonse, kuphatikizapo mizere ija yoyenera kukanidwa.